Cikho ca Hawthorn ndi Mboni ya ku Porto

Lero m'phunziro lathu la mbiri tikamba za masewera amene ambiri a ife sitinawaonepo ndi maso, ndiwo mpikisano wa magalimoto a liwiro wochedwa Formula One. Caka ndi caka ku Britain kumaperekedwa cikho cochedwa Hawthorn Memorial Trophy, ndiko kuti cikho cokumbukira Hawthorn. Wocilandira ndi woyendetsa galimoto amene waposa anzake onse a ku Britain ndi a maiko a Commonwealth pa mpikisano wa caka cimeneco. Dziko lathu la Zambia liri m'Commonwealth kuyambira mu 1964 pamene tinalandira ufulu, motero mwa lamulo la cikhoco mwana wa kuno nayenso angacilandire atafika pa luso lotero. Koma kodi Hawthorn anali yani? Mbiri yake sitingaifotokoze bwino popanda kuchula munthu wina amene anali kupikisana naye, dzina lake Stirling Moss.

Coyamba mvetsani m'mene mpikisanowu umacitikira. Unayamba mu 1950. Oyendetsa amapikisana kambiri pa caka, m'maiko osiyanasiyana, ndipo mpikisano uliwonse umachedwa Grand Prix. Magalimoto ake ndi a mpando umodzi, ndipo amazungulira bwalo limodzi kambirimbiri kufikira mtunda wonse utatha. Mu 1958 wopambana anali kulandira mapointi 8, waciwiri 6, wacitatu 4, wacinai 3, wacisanu 2. Panalinso pointi imodzi yapadera ya amene wazungulira bwalo kamodzi mofulumira kuposa onse. Pakutha pa caka, munthu aliyense anali kumuwerengera mipikisano isanu ndi umodzi yokha, imene anacita bwino koposa. Aphunzitsi, lembani malamulo amenewa pa bolodi, pakuti tiwafuna posacedwa.

Mike Hawthorn anabadwa mu 1929 ku Yorkshire, nakulira m'tauni ya Farnham kumene atate ake anali ndi garaji. Anali wamtali, wa tsitsi loyera, wokonda nthabwala, ndipo anali kupikisana atabvala tayi yaing'ono yomanga ngati gulugufe. Mu 1953 kampani ya Ferrari ya ku Italy inamulemba nchito, ndipo caka comweco anagonjetsa katswiri wamkulu Juan Manuel Fangio wa ku Argentina pa bwalo la Reims ku France. Koma dzina lake linalinso ndi mthunzi. Mu 1955, pa mpikisano wa maora 24 ku Le Mans, iye anacepetsa liwiro mwadzidzidzi kuti apatukire kwa amakanika ake. Galimoto ya m'mbuyo mwake inamuzemba, yina niigunda, niulukira m'khamu la anthu oonerera. Anafa anthu oposa 80. Ofufuza sanapeze woyendetsa mmodzi wompatsa mlandu, koma manong'onong'o anamutsata Hawthorn kufikira imfa yake.

Kufikira mu 1957 panalibe munthu wa ku Britain amene anakhalapo ngwazi ya dziko lonse pa mpikisanowu. Anthu ambiri anali kuyembekeza kuti woyamba adzakhala Moss, amene anali atakhala waciwiri kwa Fangio zaka zitatu zotsatizana. Mu 1958 Moss anali kuyendetsa galimoto ya Vanwall yopangidwa ku Britain, pamene Hawthorn anali ku Ferrari. Mu July, Hawthorn anapambananso ku Reims. Anayenda makilomita 415 m'maora awiri ndi mphindi zocepa. Ananu, mtunda umenewo ufanana ndi wocokera ku Lusaka kufika ca ku Petauke.

Caka cimeneco cinali ca maliro. Masiku amenewo oyendetsa analibe malamba odzimangira ku mpando, zisoti zao zinali zopyapyala, ndipo m'mbali mwa mseu munali mitengo, maenje ndi nyumba. Pa tsiku lomwelo limene Hawthorn anapambana ku Reims, mnzake wa ku Ferrari, Luigi Musso, anafa pa ngozi. Patapita mwezi umodzi, ku Germany, anafanso Peter Collins, bwenzi lake la pamtima, ndipo Hawthorn anaiona ngoziyo ndi maso ake pakuti anali kumutsata pambuyo. Kuyambira pamenepo mtima wake unayamba kucoka pa masewerawa.

Tsopano tifike ku Porto, mzinda wa ku Portugal, pa 24 August 1958. Mpikisano unacitikira m'miseu ya m'kati mwa mzinda, yoyalidwa ndi miyala, yodutsamo njanji za sitima zazing'ono za m'tauni. Pofika tsikulo Hawthorn anali ndi mapointi 30, Moss 24, ndipo pambuyo pa Porto panatsala mipikisano iwiri yokha. Moss anayendetsa bwino lomwe, natsogola kutali. Ali m'kati mothamanga, amakanika ake anamuonetsa cikwangwani comudziwitsa kuti Hawthorn ndiye wazungulira bwalo mofulumira koposa, kuti iye ayese kumulanda pointi ija yapadera. Moss anawerenga molakwa cilembo cimodzi, nayesa kuti akumuuza kuti Hawthorn akuyenda monga mwa nthawi zonse. Sanaonjezere liwiro, ndipo pointiyo inatsala kwa Hawthorn.

Moss anapambana. Koma Hawthorn, amene mabuleki ake anali atafooka, anaphonya mseu pa kuzungulira kotsiriza, injini niizima. Kuti ailize, anatembenuzira galimoto kunsi kwa citunda naisiya kuti itsetsereke, ndipo potero inayenda pang'ono moyang'ana kumene magalimoto anali kucokera. Injini inalira, iye natsiriza ali waciwiri. Madzulo ake oweruza anamuitana, cifukwa lamulo linali kuletsa kuyenda mobwerera pa bwalo la mpikisano, ndipo cilango cake cinali kumulanda mapointi onse a tsikulo.

Moss anali ataona zonse, pakuti anadutsa pa malopo atatsiriza mpikisano wake. Akanatha kukhala cete, ndipo palibe amene akanamunena. Koma iye anapita yekha kwa oweruza nawauza kuti pamene Hawthorn anali kutsetsereka sanali pa mseu wa mpikisano koma m'mbali mwake, poyenda anthu a pansi, kumene lamulolo silinali kufika. Oweruza anabvomereza umboni wake, ndipo Hawthorn anasunga mapointi ake 7.

Mpikisano wotsiriza unacitikira kuno ku Africa, pafupi ndi Casablanca ku Morocco, pa 19 October. Kuti akhale ngwazi, Moss anafunika kupambana ndi kutenga pointi yapadera, ndiponso kuti Hawthorn asakhale waciwiri. Mbali yake Moss anaicita yonse. Koma Phil Hill wa ku America, amene anali wa Ferrari nayenso, anali pa malo aciwiri, ndipo anacepetsa liwiro dala kuti Hawthorn amupitirire. Tsiku lomwelo galimoto ya Stuart Lewis-Evans, mnzake wa Moss ku Vanwall, inagwira moto, ndipo iye anamwalira ndi mabala ake patapita masiku asanu ndi limodzi.

Tengani mapensulo tiwerengere pamodzi. Mipikisano isanu ndi umodzi yabwino ya Hawthorn inampatsa 9, 7, 7, 7, 6 ndi 6. Ya Moss inampatsa 9, 9, 8, 8, 6 ndi 1. Mukaphatikiza mupeza kuti Hawthorn anali ndi 42, Moss 41. Tsopano fufutani 7 mmodzi wa Hawthorn, uja wa ku Porto, ndi kuikapo 4 amene anapeza ku Argentina kuciyambi kwa caka, pakuti ndiye akanalowa m'malo mwake. Mupeza 39. Ndiko kuti Moss akanangotseka pakamwa madzulo aja, ungwazi ukanakhala wake.

Alipo amene amati Hawthorn sanayenere ulemu umenewu, popeza anapambana kamodzi kokha caka conse pamene Moss anapambana kanai. Ine sindigwirizana nao kwenikweni. Malamulo anali odziwika kwa onse asanayambe, ndipo Hawthorn anakhala waciwiri kasanu, pamene galimoto ya Moss inali kufera panjira kawirikawiri. Koma nkoonanso kuti Hawthorn sanafike pamwamba yekha. Phil Hill anampatsa njira cifukwa anali a kampani imodzi, ndipo zotere zimacitika. Moss analibe cifukwa cotero. Iye ndiye anali woti ataye.

Hawthorn, ngwazi yoyamba ya ku Britain, analengeza kuti waleka mipikisano. Anali ndi zaka 29, ndipo anali kudwala impso kwa nthawi yaitali. Pa 22 January 1959, patangopita miyezi itatu cicokere ku Casablanca, anali kuyendetsa galimoto yake ya Jaguar pa mseu wamba pafupi ndi Guildford. Mseu unali wonyowa. Galimoto inaterereka nikagunda mtengo, iye nafera pomwepo. Caka comweco bungwe la Royal Automobile Club linakhazikitsa cikho ca cikumbutso cake.

Woyamba kucilandira sanali wa ku Britain, koma Jack Brabham wa ku Australia, ngwazi ya 1959. Ameneyu petulo inamuthera pafupi ndi mapeto a mpikisano wotsiriza wa cakaco ku Sebring, ku America, ndipo anatsika nakankha galimoto yake ndi manja kufikira pa mzere. Pambuyo pake cinapita kwa anthu monga Jim Clark ndi Jackie Stewart a ku Scotland, Denny Hulme wa ku New Zealand, ndi Jacques Villeneuve wa ku Canada. Jody Scheckter wa ku South Africa anakhala ngwazi ya dziko lonse mu 1979, koma dziko lake linali kunja kwa Commonwealth kuyambira mu 1961 kufikira mu 1994 cifukwa ca ulamuliro wa tsankho, motero cikhoci sicinamukhudze. Amene wacilandira kambiri kuposa onse, koposa kakhumi, ndi Lewis Hamilton, munthu wakuda woyamba kukhala ngwazi ya Formula One, amene makolo a atate ake anacokera ku cisumbu ca Grenada. Dziwani kuti wolandira cikhoci safunika kukhala ngwazi ya dziko lonse. Angakhale wacitatu kapena wacisanu pa mndandanda wa caka, malinga pasakhale wina wa Commonwealth pamwamba pake.

Mwa njira imeneyi cikho ca Hawthorn cinafika m'manja mwa Moss. Mu 1961 magalimoto a Ferrari anali amphamvu kuposa onse, koma Moss, ali m'kagalimoto ka Lotus ka injini yocepa mphamvu, anawagonjetsa ku Monaco ndi ku Germany. Anatsiriza caka ali wacitatu, pambuyo pa oyendetsa awiri a Ferrari, wina wa ku America, wina wa ku Germany, ndipo dzina lake linalembedwa pa mndandanda wa olandira cikho ca mnzake uja. M'mwezi wa April 1962 anacita ngozi yoopsa pa bwalo la Goodwood, nakhala cikomokere mwezi wathunthu, ndipo sanabwererenso ku Formula One. Anali atapambana mipikisano ya Grand Prix 16, nakhala waciwiri pa dziko lonse kanai ndi wacitatu katatu. Anamwalira ku London mu 2020 ali ndi zaka 90, asanakhalepo ngwazi ya dziko lonse ngakhale kamodzi.