Nawakwi ndi Longwe: milandu iwiri imene inatsegulira amayi njira ku Zambia

Wophunzira zamalamulo ku University of Zambia akafika pa mutu wa ufulu wa amayi, amakumana ndi maina awiri: Nawakwi ndi Longwe. Yonse ndi milandu ya ku Bwalo Lalikulu mu Lusaka, ndipo anaigamula ndi woweruza mmodzi, a Musumali, pa nthawi imene dziko linkachoka mu ulamuliro wa chipani chimodzi.

Mayi Edith Nawakwi ankafuna kulembetsa ana awo mu pasipoti yawo, koma malamulo a ofesi yopereka mapasipoti ankafuna chilolezo cha bambo wa anawo. Mayiwa anasumira boma. Mu 1991 bwalo linagamula kuti mayi ali ndi mphamvu pa mwana wake chimodzimodzi bambo, komanso kuti khomo loyendetsedwa ndi mayi yekha ndi banja lokwanira. Mu 1998 a Nawakwi anakhala mayi woyamba kukhala nduna ya zachuma.

Nkhani ya Mayi Sara Longwe inayamba mu 1984, pamene hotela ya Intercontinental inawakaniza kulowa mu bala chifukwa analibe mwamuna wowaperekeza. Mu 1992 anawabwezanso pakhomo, ndipo ulendo uno anakamang'ala kubwalo. Hotelayo inati Malamulo Aakulu a dziko amamanga boma, osati kampani. Woweruza anakana mfundoyi. Iye anatchulanso mapangano a maiko amene Zambia inavomereza, monga pangano lothetsa tsankho kwa amayi limene dzikoli linalowamo mu 1985. N'chifukwa chake mlanduwu umawerengedwa ngakhale m'masukulu a zamalamulo a kunja.

Nyumba ya malamulo nayo inali itayamba kusuntha. Lamulo la 1989 lokhudza chuma chamasiye linabwera kudzathana ndi achibale olanda katundu maliro akangotha. Munthu akamwalira osasiya wilo, 50 peresenti imapita kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo, 10 kwa ena amene ankadalira malemuyo. Mu 2011 kunabwera lamulo lolimbana ndi nkhanza za m'banja ndi zochitira munthu chifukwa choti ndi mkazi kapena mwamuna, ndipo mu 2023 zaka zolowera m'banja zinaikidwa pa 18, ngakhale pa ukwati wamwambo.

Koma ndime 23 ya Malamulo Aakulu idakali chikhalire. Imaletsa tsankho, kenaka n'kupatula nkhani za ukwati, chisudzulo, chuma chamasiye ndi malamulo a makolo, komwe kuli madandaulo ambiri a amayi. Riferendamu ya mu Ogasiti 2016 ikanasintha gawo la maufulu, koma ovota sanafike pa chiwerengero chofunika. Mayi wa ku Makeni kapena ku Kabwata mu Lusaka lero angalowe mu hotela yekha popanda womuimitsa, koma akakangana ndi apongozi pa za mwambo, ndime yoletsa tsankhoyo siimuteteza mokwanira.