Zigoli Khumi ndi Ziwiri: Mpira wa Nkrumah ku Nyasaland

Mphunzitsi amene adzatumidwa ku sukulu za m'zigwa za fodya za Kasungu ayenera kudziwa kuti Dr. H. Kamuzu Banda, mwana wa dziko limenelo, anakhala ku Kumasi, m'dziko la Ghana, kuyambira 1953 kufikira 1958, akugwira ntchito ya udokotala. Iye ndi Kwame Nkrumah anadziwana kale ali ku London. Tsono pa 15 October 1962, ubwenzi wa anthu awiriwa unaonekera pa bwalo la mpira mu Blantyre, pamene timu ya Ghana, yochedwa Black Stars, inasewera ndi anyamata a Nyasaland.

Nkrumah sanayese mpira chinthu cha ana. Mu 1960 anaika Ohene Djan kukhala woyang'anira masewero onse a dziko lake, ndipo timu ija anaiyesa mthenga wake kwa mitundu ina ya mu Africa imene inali isanalandire ufulu. Uthengawo unali wakuti munthu wakuda, atadzilamulira yekha, akhoza kuchita zinthu zokometsetsa. Sanali mau chabe, pakuti m'chaka chomwecho cha 1962 a Black Stars analingana mphamvu ndi Real Madrid ku Accra, 3 kwa 3.

Anyamata athu anagonja 12 kwa 0. Nanga ulendo wotere tiuyese ndi muyeso wanji? Tikawerenga zigoli, mlendo anachititsa manyazi mwini mudzi, chinthu chimene mwambo wathu subvomereza. Koma anthu amene anapenya tsiku lija anali akadali pansi pa Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo anali atazolowera kuona Azungu akusewera paokha, Amwenye paokha, eni dziko paokha. Kwa iwo kugonjetsedwa ndi Aafirika anzao a dziko laufulu kunali kowawa ndi kokoma pamodzi. Ine ndiyesa kuti Nkrumah anapeza chimene anafuna tsiku limenelo.

Chinkana zinali tero, mpirawo sunathe kumanga maboma awiriwo kuti ayende njira imodzi. Malawi atalandira ufulu pa 6 July 1964, Dr. Banda anakana kudana ndi Apwitikizi a ku Mozambique, popeza katundu wathu, ndi fodya wa ku Kasungu yemwe, ankadzera pa doko la Beira. Nkrumah anachotsedwa pampando ndi asilikali mu February 1966, ndipo mu 1967 Malawi anapangana zotumizirana akazembe ndi boma la tsankho la South Africa, zimene Nkrumah ankadana nazo koposa.

Chimene chinatsala ndi mpira weniweniwo. Bungwe la mpira la Malawi linakhazikitsidwa mu 1966, ndipo patapita zaka 16 chigonjetsedwere, mu 1978, timu yathu inatenga chikho cha maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa pa bwalo lakwathu, itagonjetsa Zambia 3 kwa 2.