Nkhalango Yobzalidwa ndi Manja

Kutsidya kwa nyanja yamcere kuli dziko la Brasil. Kumeneko amalankhula Cipwitikizi monga kuno ku Moçambique. M'kati mwa mzinda waukulu wa Rio de Janeiro muli nkhalango ya Tijuca. Kukula kwake ndi mahekitala pafupifupi 4,000. Mlendo akaiona amayesa kuti yonse inamera yokha. Koma mbali ina inabzalidwa ndi manja a anthu.

Kale mapiri a Tijuca anali ndi mitengo yambiri. Mitsinje yocokera m'mapirimo ndiyo inkamwetsa mzinda. Kenaka anthu olemera anagwetsa mitengo, naocha makala, natsegula minda ya khofi. Olima mindayo anali akapolo ocokera ku Africa. M'zaka zimenezo zombo zinkanyamula akapolo ambiri ku Quelimane ndi ku cilumba ca Moçambique kupita nao ku Rio.

Mitengo itatha, mvula inakokolola nthaka. Akasupe anayamba kuphwa. M'caka ca 1844 kunagwa cilala, ndipo madzi anasowa mumzinda.

M'caka ca 1861 boma la mfumu Pedro II linalamula kuti mitengo ibzalidwenso. Kapitao wa nchitoyo anali Manuel Gomes Archer. Koma okumba maenje ndi kusenza mbande m'mapiri anali akapolo owerengeka, pamodzi ndi anchito olipidwa. Maina a ena mwa akapolowo analembedwa: Eleutério, Constantino, Mateus ndi Maria. Pofika 1874 anali atabzala mitengo yoposa 60,000. Anagwira nchitoyi ali m'ukapolo, pakuti ukapolo unatha mu 1888 ku Brasil.

Mitengo inakula, nkhalango inabwerera. Mu 1961 boma linaika malowa kukhala paki yotetezedwa. Lero muli apusi, njoka, agulugufe ndi mbalame ya mlomo waukulu, dzina lake tucano. Nyama zina zinali zitatheratu. Mu 2010 akatswiri anabwezamo cutia, kanyama kofanana ndi nchenzi. Cutia amakwirira mbeu za mitengo kuti adzadye tsiku lina. Zina amaziiwala, ndipo zimamera. Conco kanyamaka kakupitiriza nchito ya Maria ndi anzake.

Anzathu, nkhaniyi si ya ku Brasil kokha. Ifenso timaocha makala, timadula nkhuni, timalima mpaka m'mphepete mwa mitsinje. Tikudziwa mitsinje imene agogo athu ankatungamo caka conse, koma lero imauma mvula isanafike. Kugwetsa mtengo ndi nchito ya m'mawa umodzi. Kuukuza ndi nchito ya zaka zambiri. Anthu a ku Rio anazindikira izi mitsuko itauma kale. Ife tiyambe kubzala madzi akalipo.

Mafunso
1. N'cifukwa ciani madzi anasowa ku Rio?
2. Ndani anabzala mitengo ya ku Tijuca?
3. Kodi ndi mtsinje uti wa kwathu kuno umene unasiya kuyenda? Tingacite ciani?