Mbiri ya madrasa: momwe foni idalowera m'kalasi la a mwalimu

Chisilamu chidafika kuno ndi amalonda a Chiswahili monga Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba wa ku Nkhotakota, cha m'ma 1840. Chidazika mizu Mfumu Makanjira itachilandira cha m'ma 1870, mafumu ena a Chiyao n'kutsatira. Mashehe monga Abdallah Mkwanda ndi Thabit Ngaunje adakachita maphunziro kugombe la nyanja ya mchere, ndipo atabwerako adaphunzitsa amwalimu amene adamwazikana m'midzi.

Madrasa ya nthawi imeneyo idali pakhonde kapena pamzikiti. Mabuku adali osowa, choncho mwana ankalemba Chiarabu pa ubao, kathabwa kosalala, ndi inki yopanga okha. Mwalimu ankatchula ndime, ana n'kubwereza mokweza, aliyense pake, phokoso lake kumveka mudzi wonse. Ukaloweza pamtima, unkatsuka ubaowo n'kulembapo ndime ina. Makolo ambiri ankakana sukulu za mishoni poopa kuti ana awo akabatizidwa, motero kwa ambiri sukulu idali yomweyi basi.

Makina adayamba kulowerera kudzera m'khutu. Mu 1961, Shehe Mahmoud al-Husary wa ku Egypt adajambulitsa mawu ake akuwerenga Qur'an yonse, ndipo makaseti atafala, mwana wa ku Namwera adatha kumva kawerengedwe ka ku Cairo. Radio Islam idatsegulidwa mu 2001. Kenako kudabwera mafoni, ambiri otumizidwa ndi abale a ku Joni, tima memori khadi tili todzaza ndi masura a Qur'an.

Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, amwalimu ena a m'tauni adatembenukira ku WhatsApp: mwana ajambule mawu ake akuwerenga, mwalimu amvere, abweze yankho. Kumudzi zidavuta. Foni ndi imodzi, ya bambo, bandulo ndi yodula, kutchaja n'kolipira.

Apa m'pamene padaoneka malire a makina. Foni imabwereza sura kakhumi osatopa, osakalipa, ndipo pamenepa yaposa amwalimu ena a chikwapu. Koma Chiarabu chili ndi zilembo zotulukira kukhosi zimene lilime la Mchewa kapena Myao silidazolowere. Mwana akatchula molakwa, foni imangopitirira. Pamafunika munthu woti amuimitse, amuonetse poika lilime, amubwerezetse mpaka zitheke. Tajwidi, luso lowerenga Qur'an molondola, imaphunziridwa motero.

Makolo, mukagulira mwana foni ya Qur'an, musamuchotse ku madrasa, ndipo kangachepe ka a mwalimu kazifika pa nthawi yake.