Kupulumutsa Amai ndi Makanda: Zimene Dziko Lapansi Likucita, ndi Mbali ya Mpingo

Masiku 28 oyambilila ndiwo oopsa kwambili pa umoyo wa munthu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linapeza kuti m'caka ca 2022, makanda pafupifupi 2.3 miliyoni anamwalila asanakwanitse mwezi umodzi. Mu 1990 anali 5 miliyoni, conco ciwelengelo catsika, koma cikali cacikulu. Pa makanda anai alionse amene amamwalila, atatu amapita m'sabata loyamba, ndipo ambili a iwo pa tsiku lobadwa lenilenilo. Ana enanso pafupifupi 1.9 miliyoni amabadwa akufa caka ciliconse.

Nawonso azimai akutaika. Mu 2023, azimai pafupifupi 260,000 anamwalila cifukwa ca pakati kapena pobeleka, ndipo 7 mwa 10 alionse anali a m'maiko a Africa a kum'mwela kwa cipululu ca Sahara. Imfa zambili mwa izi zikanapewedwa, popeza mankhwala ake ndi odziwika ndipo ambili ndi ochipa. Kawili-kawili cimene cimapha ndi kucedwa.

Zimene zimapha

Makanda amafa maka-maka cifukwa cobadwa masiku asanakwane, kulephela kupuma pobadwa, matenda olowa m'magazi, ndi zilema zobadwa nazo. Azimai amafa cifukwa cotaya magazi ambili atabeleka, BP yokwela imene imafika pokomoletsa, matenda olowa m'cibelekelo, mwana kulephela kutuluka, ndi kucotsa mimba m'njila zoopsa. Malungo, kucepa kwa magazi ndi HIV zimaonjezela ngozi. Mai wotaya magazi kwambili angathe kumwalila m'maola awili cabe ngati sanathandizidwe.

Mapangano a maiko

Nchito imeneyi inayamba kumveka padziko lonse mu 1987, pa msonkhano wa ucembele wabwino umene unacitikila ku Nairobi. Mu 2014, maiko 194 a m'bungwe la WHO anavomeleza pulogalamu yochedwa Every Newborn Action Plan, imene WHO ndi UNICEF anatsogolela. Mu 2015, bungwe la United Nations linaika zolinga zofunika kukwanilitsidwa pofika 2030: imfa za azimai padziko lonse zikhale zosafika 70 pa ana 100,000 obadwa amoyo, ndipo m'dziko lililonse imfa za makanda zisapitilile 12 pa 1,000. Kucoka mu 2000 kufika mu 2023, imfa za azimai zinatsika ndi 40 pelesenti, koma kuyambila ca m'ma 2016 kutsikako kwakhala kwapang'onopang'ono.

Njila zimene zathandiza

Yoyamba ndi sikelo. Mu 2016, WHO inalangiza kuti mai wapakati azionana ndi azaumoyo kasanu ndi katatu, ndipo ulendo woyamba ukhale mimba isanapitilile masabata 12. Kumeneko amapimidwa BP, magazi, HIV ndi cindoko, ndipo amalandila mankhwala oonjezela magazi ndi oteteza malungo. BP yokwela nthawi zambili simamveka m'thupi, imadziwika pokhapokha munthu atapimidwa.

Yaciwili ndi kuthandiza khanda kupuma. Maphunzilo a Helping Babies Breathe, amene anayamba mu 2010, amaphunzitsa azamba kuti mphindi yoyamba ndiyo yofunika koposa: kupukuta mwana, kumutikita kumsana, ndipo ngati sakupuma, kumupopela mpweya ndi kacipangizo ka pamanja kosafuna magetsi.

Yacitatu ndi njila ya kangaroo. Inayambila mu 1978 mumzinda wa Bogotá ku Colombia, kumene dokotala Edgar Rey Sanabria anali ndi ana obadwa osakwana masiku ambili kuposa makina ofunditsila ana. Anayamba kuika anawo pacifuwa ca amai ao, khungu kukhudza khungu, atamangidwa ndi nsalu. Kafukufuku amene anacitika ku Ghana, India, Malawi, Nigeria ndi Tanzania, wofalitsidwa mu 2021, anaonetsa kuti kuyamba njilayi mwana atangobadwa kunacepetsa ndi 25 pelesenti imfa za makanda olemela pakati pa kilogalamu 1 ndi 1.8. Mu 2022, WHO inalangiza kuti njilayi iziyamba nthawi yomweyo. Citenje ndi cifuwa n'zokwanila, ndipo atate kapena ambuye a mwana angalandizane ndi mai kuti apumuleko.

Yacinai ndi kuletsa kutaya magazi. Mai akangobeleka amabaidwa oxytocin kuti cibelekelo cikhwinyate. Mu 2023, kafukufuku wa E-MOTIVE m'zipatala za ku Kenya, Nigeria, South Africa ndi Tanzania anaonetsa kuti kuyeza magazi otaika ndi pulasitiki yokhala ndi mizele, ndi kupeleka mankhwala onse pamodzi m'malo moyesa amodzi-amodzi, kunacepetsa ndi 60 pelesenti mavuto aakulu obwela ndi kutaya magazi. Kwa mai wokomoka cifukwa ca BP pali magnesium sulphate. Thandizo lonseli silipezeka panyumba, ndiye cifukwa cake kubelekela kucipatala n'kofunika.

Kucedwa kutatu

Mu 1994, ofufuza awili, Sereen Thaddeus ndi Deborah Maine, anafotokoza kuti mai amene wamwalila pobeleka nthawi zambili anacedwetsedwa pa malo atatu. Koyamba, banja limacedwa kuvomeleza kuti pali vuto. Kaciwili, amacedwa panjila cifukwa ca mtunda, mtsinje wodzala kapena kusowa ndalama ya galimoto. Kacitatu, amacedwa kuthandizidwa atafika kale kucipatala, mwina cifukwa azamba ndi ocepa, kulibe magazi oika m'thupi kapena magetsi. Kucedwa kwacitatu ndi udindo wa boma ndi eni zipatala. Koma kuwili koyambako kumacitikila m'nyumba ndi m'midzi mwathu.

Kuno ku Zambia

Kafukufuku wa dziko lonse wa 2018 anapeza kuti azimai 252 anali kumwalila pa ana 100,000 obadwa amoyo, ndipo makanda 27 pa 1,000 anali kufa m'mwezi woyamba. Ana 84 pa 100 alionse anali kubadwila kucipatala. Pofuna kucepetsa kucedwa, Unduna wa Zaumoyo umagwila nchito ndi magulu a anthu odzipeleka a m'midzi ochedwa SMAG, ndipo pa zipatala zambili pamangidwa nyumba zodikilila azimai otsala pang'ono kucila. Pulogalamu ya Saving Mothers, Giving Life inayamba mu 2012 ku Uganda ndi kuno, m'maboma a Nyimba, Lundazi, Kalomo ndi Mansa. Mipingo nayo ili m'nchitoyi kupyolela mu Churches Health Association of Zambia, imene inakhazikitsidwa mu 1970, ndi zipatala za misoni monga St Francis ku Katete, Nyanje, Macha ndi Chikankata.

Zizindikilo zofuna kuthamangila kucipatala

Kwa mai: kutaya magazi, mutu waukulu kapena kuona cizimezime, kutupa nkhope ndi manja, kutentha thupi, kukomoka, madzi kutuluka nthawi isanakwane, mwana kusiya kusewela m'mimba, ndi kuwawa kwa mimba kopitilila maola 12 mwana osabadwa.

Kwa khanda: kukana bele, kupuma mofulumila kapena movutika, kuzizila kapena kutentha thupi, kufooka, kugwedezeka ngati khunyu, mcombo wofiila kapena wotuluka mafinya, ndi cikasu m'maso kapena pakhungu pa tsiku loyamba. Khanda liyamwe m'ola loyamba, lisasambitsidwe kufikila patapita maola 24, ndipo pamcombo pasapakidwe phulusa, dothi kapena mankhwala acikuda.

Mbali ya mpingo

Buku la Genesis limasimba za Rakele, amene anamwalila panjila pobeleka Benjamini. Masiku ano imfa yotele ingapewedwe, ndipo mpingo uli ndi zocita zooneka. Magulu a azimai monga Cigwilizano, Umanyano ndi Mothers' Union angadziwe mai aliyense wapakati m'dela lao, kuphatikizapo mtsikana wosakwatiwa, amene angabise mimba poopa cilango ndi manyazi mpaka kuphonya sikelo. Azibambo asunge ndalama ya ulendo, apezeletu galimoto, njinga kapena ngolo, ndipo apelekeze akazi ao. Akulu a mpingo angakhazikitse thumba la ngozi ndi kulimbikitsa akhristu kupeleka magazi.

Pali miyambo ina yofunika kuikamba poyela. Kumwetsa mai mankhwala acikuda ofulumizitsa kubeleka kungang'ambe cibelekelo. Kumuumiliza kuti aulule cigololo pamene mwana wacedwa kutuluka kumangodya nthawi, pakuti cocedwetsa cingakhale mmene mwana wagonela kapena kucepa kwa njila, ndipo zimenezi zingafune opalesoni. Pemphelo nalonso lisakhale cifukwa cosungila wodwala panyumba. Mai akayamba kutaya magazi, ena apemphele, ena athamangile galimoto, ndipo pemphelo lipitilile ali panjila.