Botolo langa la tsabola ndi mbiri ya chipikisheni cha pa bwalo la ndege

Pepani kuti ndakhala chete, mayeso a Fomu 4 anatipanikiza.

Tchuthi chapitachi ndinakwera ndege kachiwiri m'moyo wanga, popita ku msonkhano wa aphunzitsi kunja. Mayi a kunyumba anandipatsira botolo la tsabola loti ndikapatse mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa kale, ndipo ine osadziwa ndinaliika m'chikwama cha m'manja. Titafika pa chipikisheni, mayi wa chitetezo analitulutsa n'kunena kuti, "Bambo, ili lapitirira mamililita 100, silidutsa." Analiponya m'bini ine ndikuona. Kenaka vulani lamba, vulani nsapato. Ndinaima pakati pa anthu dzanja limodzi litagwira buluku, chala chikusuzumira pa chibowo cha sokosi. Ndinapsa mtima kwambiri. Koma nditakhala pansi m'ndegemo, uphunzitsi wa History unandibwerera, ndipo ndinayamba kuwerenga pa zala kumene lamulo lililonse linachokera.

Ambiri sadziwa kuti kale munthu ankakwera ndege ngati mmene timakwerera basi, popanda womusecha. Zinasintha chifukwa cha anthu olanda ndege. Ku America kokha, pakati pa 1968 ndi 1972, ndege zoposa 130 zinalandidwa, zambiri n'kuzikhotetsera ku Cuba. Makampani a ndege ankakana zoti aliyense azisechedwa, poopa kuti anthu atopa ndi mizere. Chimene chinawagonjetsa ndi cha mu November 1972, pamene amuna atatu analanda ndege ya Southern Airways n'kuopseza kuti akaigwetsera pa malo a zanyukiliya ku Oak Ridge. Pofika January 1973 boma la America linalamula kuti wokwera aliyense ndi chikwama chake aziunikidwa. Makina aja timadutsamo akulira chifukwa cha makiyi a m'thumba anayambira pamenepo.

Chaka chomwecho cha 1972 nkhaniyi inafika pakhomo pathu penipeni, ndipo ndimadabwa kuti ana athu saimva. Pa 24 May amuna awiri a ku Lebanon, Fouad Kamil ndi Abou Yaghi, analanda Boeing 727 ya South African Airways imene inkachoka ku Salisbury, Harare wa lero, kupita ku Johannesburg. Kamil ankati kampani ya diamondi ya De Beers ili naye ngongole. Ndegeyo inakatera ku Chileka. Anthu amene anatsala m'katimo anapeza mpata wothawa, asilikali athu anaombera ndegeyo, ndipo awiriwo anadzipereka. Anawatsekera m'ndende konkuno, koma anawatulutsa zaka zimene anagamulidwa zisanathe. Amene muli ndi agogo a ku Chileka kapena ku Lunzu, kawafunseni, mwina akukumbukira.

Pa 21 December 1988 bomba lobisidwa mu wailesi ya kaseti m'sutikesi linaphulitsa ndege ya Pan Am pamwamba pa Lockerbie ku Scotland, ndipo anthu 270 anafa. Kuchokera apo anakhwimitsa lamulo loti katundu asanyamuke mwini wake atatsala. N'chifukwa chake munthu mmodzi akasowa, nonse mumadikira kuti ayambe atsitsa sutikesi yake.

Za 11 September 2001 mukuzidziwa. Ine ndinazimvera pa wailesi ndili ku koleji, tonse titaunjikana m'chipinda chimodzi. Chimene chinandivula nsapato chinachitika miyezi itatu pambuyo pake. Pa 22 December 2001 Richard Reid wa ku Britain anayesa kuyatsa bomba limene linali m'nsapato yake, pa ndege yochoka ku Paris kupita ku Miami. Silinayake, ndipo okwera anzake anamugwira. Munthu mmodzi ameneyu, amene ngakhale chiwembu chake chinalephereka, wavulitsa nsapato anthu mamiliyoni kwa zaka zoposa 20.

Tsabola wanga uja anafera za mu August 2006, pamene apolisi a ku Britain anagwira gulu limene linkafuna kulowetsa mabomba amadzimadzi m'mabotolo a zakumwa pa ndege zopita ku America ndi ku Canada. Lamulo la mamililita 100 linabadwa chaka chimenecho. Makina ounika thupi lonse, aja umakweza manja ngati wagwidwa ukuba, anafala pambuyo pa 25 December 2009, pamene Umar Farouk Abdulmutallab wa ku Nigeria anabisa bomba m'kabudula wam'kati pa ndege yopita ku Detroit.

Mukaziika m'ndandanda chotere muona kuti lamulo lililonse limathamangira chimene chachitika kale. Ife a kusukulu timazidziwa izi. Mwana mmodzi akathawira pa zenera la kumbuyo, timakhomera zenera limenelo misomali, ngati kuti wotsatira sadzapeza lina. Kwa ine, zimene zinathandiza kwenikweni ndi ziwiri: chitseko cholimba cha chipinda cha oyendetsa ndege chimene anaika pambuyo pa 2001, ndi kusintha kwa okwera, amene masiku ano sangokhala phee munthu akayamba zachilendo. Reid ndi Abdulmutallab onse anadutsa pa chipikisheni bwinobwino, ndipo amene anawagwira ndi anthu a m'ndege momwemo. Komabe chitseko chija nacho chinadzapweteketsa. Pa 24 March 2015 wachiwiri kwa woyendetsa ndege ya Germanwings anatsekera kunja mkulu wake n'kuigwetsa dala m'mapiri a Alps ku France. Anthu onse 150 anafa, chifukwa panalibe wothyola chitsekocho.

Mayi uja sindimuimba mlandu, lamulolo sanalembe ndi iye. Ku America lamulo lovula nsapato analichotsa mu July 2025, koma kumene ndinadutsa ine anandivulabe. Mnyamata wanga uja nditamufotokozera anaseka mpaka misozi, nati, "A Ticha, mukanangoliika m'sutikesi yaikulu, likanafika." Madzulo ake anandigulira tsabola wa kumeneko, wotsekemera ngati jamu.