Nyanja ya Chivero ndi Anthu a ku Kuwadzana

M'chaka cha 1952 boma la Southern Rhodesia linatchinga mtsinje wa Hunyani, umene lero ukutchedwa Manyame, pofuna kupezera mzinda wa Salisbury madzi akumwa. Nyanja imene inabadwa pamenepo anaitcha McIlwaine. Posakhalitsa inasanduka malo osangalalirako azungu, amene pakutha pa sabata ankakhoma matenti m'mphepete mwake, kupalasa mabwato ndi kuwedza nsomba. Anthu akuda, kuphatikizapo machona a ku Nyasaland, ankafikako makamaka monga antchito.

Ufulu utabwera mu 1980, nyanjayi inatchedwa Chivero, ndipo kumadzulo kwa Harare, m'mbali mwa msewu wa ku Bulawayo, kunamangidwa Kuwadzana. Ubale wa anthu a kumeneku ndi nyanjayi sunakhale wa mabwato ayi. Madzi a m'mipopi yawo, akatuluka, amakhala ochokera ku Chivero, oyeretsedwa ku Morton Jaffray. Zonyansa za m'zimbudzi zawo zimabwerera komweko kudzera ku Crowborough ndi mtsinje wa Marimba. Namasupuni wakhala akuphimba magombe. Mu Novembala 2023 Kuwadzana ndiko kunali chimake cha mliri wa kolera mu Harare, ndipo mu Disembala 2024 zipembere zinayi zinafa zitamwa madzi a m'nyanjamo.